Zipata za m'matumbo: kumene madzi a kolera amatulukira ndi kumene mankhwala amalowera

Bedi logonekapo wodwala kolera limakhala ndi chibowo pakati, ndipo pansi pa chibowopo amaikapo chidebe. Sikuti amatero chifukwa chongoti wodwalayo alibe mphamvu zopitira kuchimbudzi. Namwino amafunanso kuona madzi amene atuluka kuti adziwe amene ayenera kubwezeretsedwa. Zogwera m'chidebemo si chimbudzi chomwe tinachizolowera, koma madzi otuwa onga otsukira mpunga, opanda magazi. Munthu wamkulu zikamuvuta kwambiri amatha kutaya lita yathunthu pa ola limodzi. Maso amalowa m'kati, mawu amasasa, minofu ya m'miyendo imakokana, ndipo khungu la pamimba ukalitsina silibwerera msanga. Amene m'mawa anali kumunda akhoza kutisiya dzuwa lisanalowe.

Amalawi tinaziona izi ndi maso. Mliri umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022, m'nyengo ya namondwe wa Ana ndi wa Gombe, unafika m'maboma onse. Unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo palibe mliri wa kolera umene unapha anthu ambiri chotero m'dziko muno. Za zitsime zoipa, kusowa kwa zimbudzi ndi kusamba m'manja tinamva zambiri, ndipo m'pomveka. Koma pali funso lina limene silifunsidwa kawirikawiri: munthu amene sakudya, amene akusanza ngakhale timadzi tochepa tomwe wamwa, madzi onsewo akuwatenga kuti?

Akuwatenga m'magazi mwake. Amene akuwatulutsa si tizilombo tokha ayi, koma maselo a m'matumbo mwake momwe, amene akugwira ntchito yawo ya masiku onse koma mosalekeza. Maselo omwewonso ndi amene amagamula kuti pa piritsi limene mwameza, gawo lalikulu bwanji lifike m'magazi. Nkhani ziwirizi, ya kolera ndi ya mankhwala, zimachitikira pa khoma limodzi.

Khoma la selo limodzi

Chakudya chimene chili m'matumbo sichinalowebe m'thupi. Matumbo ndi njira yodutsa, yoyambira kukamwa kukathera kumapeto, ndipo chilichonse cha m'njiramo chimayenera kuwoloka khoma kuti chifike m'magazi. Khomalo ndi lopyapyala modabwitsa: mzere umodzi wokha wa maselo oyalana, otchedwa epithelium. M'matumbo aang'ono khomali ndi lopindikapindika, lili ndi tizala ting'onoting'ono totchedwa villi, ndipo m'munsi mwa tizalato muli timaenje totchedwa crypts. Mutati muliyale lonse likhoza kukwana masikweya mita pafupifupi 30. Maselo atsopano amabadwira m'timaenjemo, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kunsonga kwa tizala tija, kumene amathothoka. Ulendo wonsewo umatha masiku 3 mpaka 5, kotero khoma limene muli nalo lero si limene munali nalo sabata yatha.

Selo lililonse la pakhomapa lili ndi nkhope ziwiri zosiyana. Ina yayang'ana kuchakudya, ina kumagazi. Ganizirani za chipata cha m'malire a dziko, monga cha ku Mwanza kapena ku Mchinji. Katundu sangodutsa paliponse: pali polowera, pali potulukira, wina amaloledwa, wina amabwezedwa komwe wachokera. Zipata za selo ndi mapuloteni okhazikika m'chikuto chake, ndipo za kunkhope ya kuchakudya n'zosiyana ndi za kunkhope ya kumagazi. Kusiyana kumeneku n'kumene kumachititsa kuti zinthu ziziyenda molunjika mbali imodzi. Pakati pa selo ndi linzake palinso msoko wothina umene umalola madzi ndi timchere tina kudutsa pang'ono, koma umatsekereza tizilombo.

Madzi odutsa pakhomali tsiku lililonse ndi ambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Timamwa ndi kudya malita ngati 2, koma thupi lenilenilo limathiramo ena pafupifupi 7: malovu, madzi a m'chifu, ndulu, madzi a kapamba ndi a matumbo omwewo. Pa malita 8 kapena 9 amenewa, matumbo aang'ono amabweza ochuluka m'magazi, matumbo aakulu n'kumalizitsa, moti otuluka ndi chimbudzi sakwana n'komwe kapu imodzi. Ndiye kuti thupi limabwereketsa matumbo madzi ochuluka kuposa magazi onse amene munthu ali nawo, tsiku ndi tsiku, podalira kuti abwerera. Pakangosokonekera pang'ono pa kubwezako, munthu watsegula m'mimba.

Madzi amalondola mchere

Maselo alibe pampu yokoka madzi. Chimene amatha ndi kusuntha mchere, ndipo madzi amalondola okha kumene mchere wachuluka. Mchere wathu wa m'ndiwo ukasungunuka umagawika pawiri, sodium ndi chloride. Chloride imeneyi si klorini uja timathira m'madzi akumwa kuti tizilombo tife, ngakhale zili pachibale. Iyi ili kale m'magazi a munthu aliyense, yambiri ndithu.

Ntchito yotulutsa madzi imachitika makamaka m'timaenje tija. Kunkhope ya kumagazi kuli pampu imene imawononga mphamvu zambiri za selo potulutsa sodium zitatu ndi kulowetsa potassium ziwiri nthawi iliyonse. Anaitulukira ndi Jens Christian Skou wa ku Denmark mu 1957, ndipo anadzalandira nayo mphoto ya Nobel mu 1997. Chifukwa cha pampuyi, m'kati mwa selo mumakhala sodium yochepa, choncho sodium ya kunja imakhala ikufunafuna polowera. Pafupi pomwepo pali chipata china, NKCC1, chimene chimalola sodium imodzi kulowa pokhapokha itatengana ndi potassium imodzi ndi chloride ziwiri. Sodium ija pampu imaitulutsanso, potassium imabwerera kumagazi kudzera m'timabowo take, koma chloride imatsalira n'kumaunjikana m'selomo. Polowera ilipo, potulukira n'potseka.

Potulukirapo pali kunkhope ya kuchakudya, ndipo dzina lake ndi CFTR. Chipatachi chikatseguka, chloride imakhuthukira m'matumbo. Sodium imailondola podzera m'misoko ya pakati pa maselo, madzi nawo n'kulondola mcherewo. Munthu akakhala bwinobwino CFTR imatseguka pang'ono, kwa kanthawi, chakudya chikamadutsa, kuti chifewe ndi kuyenda bwino, kenako n'kutsekanso. Chimene chimaitsegula ndi kamthenga ka m'kati mwa selo kotchedwa cAMP. Kakachuluka, puloteni ina imaika chizindikiro pa CFTR ndipo chipata chimatseguka. Kakachepa, chimatseka.

Dzina la CFTR linachokera ku matenda ena amene chipatachi chimakhala chowonongeka chibadwire, otchedwa cystic fibrosis, omwe amapezeka kwambiri mwa anthu ochokera kumpoto kwa Ulaya. Jini yake, kutanthauza malangizo achibadwa opangira chipatachi, anaipeza mu 1989 Lap-Chee Tsui ndi John Riordan a ku Toronto, pamodzi ndi Francis Collins wa ku Michigan. Odwala matendawa amavutika ndi zosiyana kwenikweni ndi kolera. Madzi satuluka mokwanira, ntchofu ya m'mapapo ndi m'matumbo imauma n'kukhala yomata, ndipo ana ena amabadwa matumbo atatsekeka ndi chimbudzi choyamba chija. Chipata n'chimodzi: chikakana kutseguka ndi matenda, chikakana kutseka ndi matendanso.

Mwina mungafunse kuti anthu anadziwa bwanji zinthu zosaoneka ndi maso ngati zimenezi. Chida chake ndi chophweka. Hans Ussing, wa ku Denmark komweko, anachipanga cha m'ma 1950 poyesa khungu la chule. Amatenga kachidutswa ka khoma n'kukapana pakati pa timabokosi tiwiri todzaza madzi amchere ofanana, mbali ina kuimira chakudya, ina kuimira magazi. Popeza sodium ndi chloride zimanyamula mphamvu ya magetsi, mchere ukamawoloka khomalo mita imasonyeza. Ukathira poizoni kapena mankhwala mbali imodzi, umaona singano ikukwera kapena kutsika. Masiku ano ofufuza ambiri sadula matumbo a nyama, amamera maselo pa kasefa kakang'ono mpaka ayalane ngati khoma lenileni. Mitundu iwiri yotchuka, T84 ndi Caco-2, inachokera ku zotupa za khansa ya m'matumbo aakulu za anthu odwala. T84 amaigwiritsa ntchito kwambiri pofufuza za chloride, pomwe Caco-2 ndi imene makampani opanga mankhwala amayeserapo ngati mankhwala atsopano angawoloke khoma.

Zimene poizoni wa kolera amachita

Tizilombo ta kolera, Vibrio cholerae, sitiboola khoma ndipo sitilowa m'magazi. Timangokhala pamwamba pa maselo a matumbo aang'ono n'kumaswana. Kwa zaka zambiri madokotala ankaganiza kuti khomalo limasupuka, n'chifukwa chake madzi amataika. Amene anawongola maganizo amenewa ndi Sambhu Nath De, dokotala wa ku Kolkata m'dziko la India. Iye ankamanga kachigawo ka matumbo a kalulu mbali zonse ziwiri n'kuthiramo zoyesa. Mu 1959 anasonyeza kuti madzi amene tizilomboti tinakuliramo, atasefedwa mpaka osatsalamo kachilombo n'kamodzi komwe, ankatupitsabe kachigawo kaja ndi madzi. Ndiye kuti wolakwa ndi poizoni amene tizilomboti timatulutsa. De sanatamandidwe mokwanira ali moyo, ndipo ine ndimaona kuti dzina lake liyenera kudziwika kulikonse kumene kolera anafikako.

Poizoniyu ali ndi zigawo ziwiri. Chigawo B, chopangidwa ndi tizidutswa tisanu, chimamatirira pa kanthu kena ka pankhope ya selo kotchedwa GM1, ndipo selo limameza poizoni yense osadziwa. Ali m'kati, chigawo A chimamasuka n'kukagwira puloteni imene imalamula kuti cAMP ipangidwe. Puloteni imeneyi mwachibadwa imayatsa kenako n'kudzizimitsa yokha. Poizoni amaiwononga pamalo pomwe imadzizimitsira, ndiye imangoyaka. cAMP imachuluka, CFTR imatseguka osatsekanso, chloride imakhuthuka, sodium ndi madzi n'kumalondola. Nthawi yomweyo cAMP yochulukayo imatseka chipata china cha pa tizala tija, NHE3, chimene chimabweza sodium m'thupi. Kotero potulukira patseguka, pobwerera patsekeka. Michael Field ndi anzake ku Boston ndi amene anasonyeza zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pogwiritsa ntchito matumbo a kalulu m'timabokosi ta Ussing tija.

Selo limene lagwidwa ndi poizoni silichira msanga. Limapitiriza kutulutsa madzi mpaka litakonza mapuloteni atsopano kapena litathothoka, ena n'kulowa m'malo. N'chifukwa chake mankhwala opha tizilombo, monga doxycycline amene amapatsa odwala kwambiri, amafupikitsa matendawa koma saletsa kutsegula m'mimba pompopompo. Chimene chimapha si tizilombo kuyendayenda m'thupi, koma magazi kuchepa ndi kukhuthala mpaka mtima ndi impso kulephera. Pamodzi ndi madziwo pamataikanso potassium ndi bicarbonate, n'chifukwa chake minofu imakokana ndipo wodwala amapuma mozama, mofulumira. Munthuyo akangosungidwa ndi madzi masiku ochepa amenewo, khoma latsopano limamera ndipo amachira kotheratu.

Si kolera yekha amene amadziwa njira imeneyi. Mtundu wina wa E. coli, umene umatsegula m'mimba ana ndi apaulendo, uli ndi poizoni wofanana naye, komanso wina wamng'ono amene amatsegula CFTR podzera mwa kamthenga kena, cGMP. Rotavirus, amene katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2012, amachulukitsa calcium m'selo n'kutsegula zipata zina za chloride, kuwonjezera pa kuwononga tizala tija.

Chipata chimene poizoni sachigwira

Apa ndi pamene pali chipulumutso cha anthu mamiliyoni. Pa tizala ta matumbo aang'ono pali chipata chotchedwa SGLT1. Ntchito yake ndi kulowetsa shuga wa mtundu wa gulukosi, koma sichimulowetsa yekha. Gulukosi mmodzi amalowa atatengana ndi sodium ziwiri, ndipo madzi amalondola. Robert Crane wa ku America ndi amene anafotokoza ganizo limeneli pa msonkhano wa ku Prague mu 1960. Chofunika kwambiri n'chakuti cAMP sitseka chipatachi. Ngakhale pamene kolera wafika pachimake, SGLT1 imakhala ikugwirabe ntchito, ikungodikira kuti shuga ndi mchere zifike pamodzi.

Madzi a thanzi ndi amenewo basi. Madzi okha sakwanira chifukwa sabwezeretsa mchere wotaika. Madzi amchere opanda shuga sathandiza chifukwa chipata cha sodium yokha chatsekedwa. Koma mchere ndi shuga zikasakanizidwa pa mlingo woyenera zimawoloka, n'kukoka madzi kubwerera m'magazi, pamene mbali ina timaenje tija tikutayabe. Mu 1968 David Nalin ndi Richard Cash, akugwira ntchito ku Dhaka, anasonyeza kuti odwala kolera omwetsedwa madzi amenewa ankafuna dripi yochepa kwambiri. Umboni waukulu unabwera mu 1971, pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu wa Bangladesh. Pa msasa wa othawa kwawo wa Bangaon, kumalire a India, kolera anabuka dripi ili yosakwanira. Dokotala wa ana Dilip Mahalanabis anasakaniza mchere, soda ndi gulukosi m'migolo, n'kuuza achibale a odwala kuti azimwetsa anthu awo ndi makapu. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 alionse kufika pa osakwana 4.

Paketi ya masiku ano, motsatira mlingo umene WHO ndi UNICEF anavomereza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ili ndi magalamu 13.5 a gulukosi, 2.6 a mchere wamba, 1.5 a potassium chloride ndi 2.9 a citrate, zoti zisungunulidwe mu lita imodzi ya madzi abwino. Lita imodziyo si nkhani yongoyerekeza. Mukathira paketi yonse m'kapu imodzi poganiza kuti ikhala yamphamvu, mwapanga madzi okhuthala kuposa magazi, ndipo m'malo molowa adzakoka madzi ena kuchoka m'thupi. N'chifukwa chomwecho zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi majuwisi otsekemera kwambiri si abwino kwa wotsegula m'mimba: shuga wachuluka, mchere mulibe. Paketi ikasowa, masipuni a tiyi 6 osasefukira a shuga ndi theka la sipuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi zimathandiza pa ulendo wa kuchipatala. Phala lamadzimadzi lothira mchere pang'ono nalo limathandiza, chifukwa ufa ukamagayika umatulutsa gulukosi pang'onopang'ono.

Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti mayi ambiri amasiya kumwetsa mwana thanzi ataona kuti kutsegula m'mimba sikukuleka. Amayesa kuti mankhwalawo alephera, mwinanso kuti madziwo ndi amene akuwonjezera vuto. Palibe amene anawafotokozera kuti thanzi silitseka chipata chotayira madzi, limangolowetsa ena kudzera pa chipata china kuti olowa apose otuluka. Mwana akhoza kumatsegulabe m'mimba koma ali pa njira yochira, bola maso asalowe, akukodza, ndipo akutha kumwa. Akasanza, mayi adikire mphindi 10 n'kuyambiranso ndi sipuni, pang'onopang'ono. Zinki, amene amaperekedwa kwa masiku 10 mpaka 14, ndi amene amafupikitsa matendawo ndi kuthandiza khoma kumera bwino. Amene walefuka mpaka kulephera kumwa, ameneyo ndi wa dripi ya Ringer's lactate, mwamsanga. Chithandizo chikafika pa nthawi yake, kolera sayenera kupha ngakhale munthu mmodzi pa 100. Pa mliri wathu uja ankafa pafupifupi atatu, ambiri chifukwa chofika mochedwa.

Nanga mankhwala otseka CFTR yeniyeniyo bwanji? Ofufuza akhala akuwasaka. Gulu la Alan Verkman ku San Francisco linapeza mu 2002 mankhwala amene anachepetsa madzi m'matumbo a mbewa zopatsidwa poizoni wa kolera, koma sanafike pokhala chithandizo cha m'zipatala. Amene anafika pamsika ndi crofelemer, wochokera ku utomoni wofiira wa mtengo wa Croton lechleri wa m'nkhalango ya Amazon, umene eni dera akhala akuugwiritsa ntchito kuyambira kale. Amachepetsa chloride yotuluka pa CFTR ndi pa zipata zija zotsegulidwa ndi calcium, ndipo salowa m'magazi kwenikweni. Ku America anamuvomereza mu 2012 kwa anthu omwa ma ARV amene amatsegula m'mimba popanda tizilombo. Vuto limenelo linali lofala ndi ma ARV ena akale monga nelfinavir, ndipo pa maselo a T84 kunaoneka kuti nelfinavir amachititsa calcium kukhalitsa m'selo, chloride n'kumatuluka mopitirira. Chaka chomwecho anavomerezanso linaclotide, mankhwala a kudzimbidwa kosatha amene anawapanga potengera poizoni wamng'ono wa E. coli uja, kuti atsegule CFTR pang'ono mwadala.

Piritsi likamezedwa

CFTR ili ndi abale. Ili m'banja lalikulu la mapuloteni lotchedwa ABC, lomwe mwa munthu muli mitundu yoposa 40. Ambiri a m'banjali si zipata zongotseguka, koma mapampu otulutsa zinthu m'selo mokakamiza. Wotchuka kwambiri ndi P-glycoprotein, mwachidule P-gp, amene Rudolph Juliano ndi Victor Ling anamupeza ku Toronto mu 1976 pofufuza chifukwa chimene maselo ena sankafera mankhwala. Pambuyo pake zinaoneka kuti maselowo ankalavula mankhwalawo asanagwire ntchito. Patapita nthawi kunadziwika kuti pampu yomweyo ili mwa aliyense, pankhope ya kuchakudya ya maselo a m'matumbo, m'chiwindi, mu impso ndi m'mitsempha ya mu ubongo. Ntchito yake ndi kubweza poizoni wa m'zomera ndi m'zakudya zina. Kwa iyo, mankhwala a kuchipatala ndi mlendo ngati wina aliyense.

Piritsi likamezedwa limayenera kusungunuka kaye. Mankhwala ambiri amene amasungunuka m'mafuta amangodutsa chikuto cha selo okha, popanda chipata. Apa ndi pamene chakudya chimalowererapo. Lumefantrine, mmodzi mwa mankhwala awiri a mu LA wa malungo, sasungunuka bwino m'madzi, ndipo poyesa pa anthu athanzi ofika m'magazi anachuluka mpaka ka 16 atamwedwa ndi chakudya chamafuta. Langizo lija lakuti LA tizimwa titadya, kapena ndi mkaka kapena phala la nsinjiro, lili ndi maziko enieni, ndipo n'lovuta kulitsatira chifukwa wodwala malungo safuna chakudya. Mankhwala ena amakwera nawo pa zipata za chakudya. Amoxicillin ndi cephalexin amafanana ndi tizidutswa ta nyama kapena nyemba zogayika, ndiye chipata cha PepT1 chimawalowetsa. Ena amakanika asanafike n'komwe pakhoma: doxycycline, ciprofloxacin ndi dolutegravir, amene ndi mmodzi mwa ma ARV, amagwirana ndi calcium kapena ayironi n'kupanga kanthu kosatha kuwoloka. Mayi woyembekezera amene akumwa ma ARV pamodzi ndi mapiritsi owonjezera magazi ayenera kufunsa kusikelo za nthawi yomwera. Malangizo ake ndi akuti amwe zonse pamodzi ndi chakudya, kapena amwe dolutegravir maola 2 asanamwe a magaziwo, apo ayi maola 6 atamwa.

Mankhwala amene alowa m'selo sanapulumukebe. P-gp akhoza kuwagwira n'kuwabweza m'matumbo, ndipo m'selo momwemo muli puloteni ina, CYP3A4, imene imawaphwanya. Awiriwa amathandizana, pakuti mankhwala obwezedwa akalowanso amakumananso ndi wophwanya uja. Otsala ndi amene amapita kuchiwindi, kumene amaphwanyidwanso asanafike m'thupi lonse. Mlingo umene walembedwa pa botolo unawerengera kale zotaika zonsezi. Choopsa ndi pamene chinthu china chasintha mphamvu ya pampu kapena ya wophwanyayo. Madzi a manyumwa a mtundu wa grapefruit amafooketsa CYP3A4 wa m'matumbo, moti mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi amalowa ochuluka kuposa muyezo. David Bailey wa ku Canada anazitulukira zimenezi mwangozi kumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Loperamide, amene anthu amagula kuti aletse kutsegula m'mimba, ndi chitsanzo chabwino cha ntchito ya P-gp. Ndi wa m'gulu limodzi ndi morphine, koma saledzeretsa chifukwa pampuyi imamubweza m'matumbo, ndipo wochepa amene walowa m'magazi imamuletsa kufika mu ubongo. Ofufuza atatsekereza pampuyi ndi quinidine, anthu omwa loperamide anayamba kuonetsa zizindikiro zakuti wafika mu ubongo n'kufooketsa kapumidwe. Ntchito yake yaikulu ndi kuchedwetsa kayendedwe ka matumbo. Pa kolera, pa kamwazi ndi kwa ana aang'ono si woyenera, chifukwa madzi amangodikha m'matumbo, achibale n'kumayesa kuti zaleka pamene magazi akuumabe.

Kwa ife kuno, nkhani yaikulu pa zonsezi ndi rifampicin, mankhwala ofiira aja a chifuwa chachikulu cha TB amene amafiiritsa mkodzo. Rifampicin amauza maselo a m'matumbo ndi a m'chiwindi kuti apange mapampu ndi mapuloteni ophwanya ochuluka. Ku Germany mu 1999 ofufuza anapatsa anthu athanzi rifampicin kwa masiku angapo, n'kutapa kachidutswa ka khoma la matumbo awo. P-gp anali atachuluka kuposa katatu, ndipo digoxin, mankhwala a mtima, akamwedwa ankafika m'magazi wochepa, pamene wobaya m'mitsempha sanasinthe kwambiri. Umenewo unali umboni woonekeratu wakuti khoma la matumbo lenilenilo limatha kusintha n'kuyamba kubweza mankhwala ambiri.

Munthu wa TB amamwa rifampicin miyezi 6, ndipo pa nthawi yonseyo mankhwala ena ambiri amafooka m'thupi mwake. Mapiritsi olera ndi njira yolera ya pamkono zimachepa mphamvu, LA nayenso amachepa m'magazi. Dolutegravir, amene Malawi anayamba kusinthira odwala ambiri mu 2019, amaphwanyidwa msanga, makamaka ndi puloteni ya m'chiwindi yotchedwa UGT1A1, pamene P-gp ndi CYP3A4 akuwonjezerapo gawo lawo. N'chifukwa chake amene akumwa mankhwala a TB ndi ma ARV nthawi imodzi amapatsidwa kapiritsi kena ka dolutegravir ka mamiligalamu 50, koti amwe patapita maola 12 kuchokera pa piritsi lake la masiku onse. Anthu ena amakaona ngati kowonjezera chabe, kapena amaganiza kuti achipatala alakwitsa, n'kumakadumpha. Kapiritsi kameneko ndi kamene kakubwezeretsa gawo limene thupi likutaya, ndipo popanda iko mankhwala amachepa m'magazi, zomwe zingapatse kachilombo mpata woswana ndi kuyamba kupima mankhwalawo.

Tsiku lomaliza kumwa mankhwala a TB si tsiku losiyira kapiritsi kameneka. Mapampu ndi mapuloteni ophwanya amene rifampicin anachulukitsa sazimiririka usiku umodzi. Maselo a m'matumbo amayenera kuthothoka ena n'kumera, ndipo chiwindi chimatenga nthawi yotalikirapo kuti chibwerere mwakale. Pa chifukwa chimenechi malangizo amati kapiritsiko kapitirire kwa milungu ina iwiri. Amene akumwa mankhwala a shuga, a mtima, a khunyu kapena olera, nayenso auze adokotala pamene akuyamba mankhwala a TB ndi pamene akumaliza, chifukwa mlingo umene unakwezedwa pa nthawi ya rifampicin ukhoza kukhala wopitirira muyezo thupi likabwerera mwakale.